Msokamawu wa a Chikaonda

Kachitsuloko kanali kochepa ngati nzama, koma atangokamata pakhosi pa a Chikaonda, nkhalamba imene sitiroko inailanda lilime inayankhulanso. Madokotala ankakatcha Msokamawu. Ubongo wa wodwala unkangotumiza tsinde lokha, monga -dya kapena -pita, ndipo Msokamawu ankasokererapo aphatikiri kumbuyo ndi kutsogolo mpaka mawu atakwanira: ndidya, sindipita, mundidyetse. Kasokedweko ankaphunzira pomvetsera mmene anthu amayankhulira.

Ndaziona, mwana wawo wamkazi, anavina tsiku limenelo. Koma chimwemwecho sichinalowe m'nyumba n'kukhala pansi.

Anthu ankabwera kudzazonda matenda. "Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Ndikupezako bwino, musadandaule," ankatero a Chikaonda, uku thukuta lili kamukamu, maso ali tong'oo, zala zitafinya bulangeti. Ozonda ankachoka akusangalala. Ndaziona yekha ndiye mantha anamugwira, ndipo anaitana a Lipenga, katswiri amene anaika makinawo.

"Pakamwa pakuti bwino, koma maso akukana," anatero Ndaziona. "Taonani chimene ubongo wawo ukutumiza."

A Lipenga anayatsa galasi lawo loonera za m'mutu, nkhope n'kugwa.

"Chemwali, tsinde likubwera limodzi lokha: -pweteka. Msokamawu akuliveka mphatikiri wokana, kuti sikukupweteka, kenako n'kupitiriza yekha."

"Chifukwa chiyani?"

"Watengera ife. Kwathu kuno wodwala ndani amauza omuzonda kuti zavuta? Ngakhale ali kayakaya amati aliko bwino. Makinawa aona kuti ulemu ndi umenewo."

Ndaziona anazula kachitsuloko ndi zikhadabo, n'kutchera khutu pamilomo ya bambo ake. Panangotuluka mpweya basi. Anakabwezera, poti akanatani?

"Ababa, ndiitane ambulansi?"

Misozi inatsikira m'makutu mwa nkhalambayo. "Iyayi mwanangu, usavutike, ndi kachimfine chabe."

Ndaziona anaiitana ndithu, koma madzi anali atafika kale m'khosi. Ambulansi inapeza azimayi atayamba kulira. Pamene amuna ankafunditsa mtembo nsalu, onse anabwerera m'mbuyo tsitsi litaima, chifukwa pansi pa nsalupo liwu la a Chikaonda linali kuthokozabe aliyense pobwera kudzawaona.

Ndaziona anatseka makutu ndi zikhatho. Anthu anaphunzitsa makina ulemu wawo wonse, koma palibe anakumbukira kuwaphunzitsa kubuula.