Thunthu la Nthochi za a Marcel

"Amayi, nanga agogo aamuna anagona pati?"

Anafunsa ndi Ruvarashe ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, tsiku lina akulambula manda a kukomboni ku Ruda. Rosaria anangomuuza kuti atole tsache. Mwanayo anakula, anapita ku Joni, koma funso lake silinasamuke m'nyumbamo.

Rosaria bambo ake sanawaonepo. A Marcel anachoka ku Mulanje kudzathyola tiyi ku Honde, ndipo mu 1957 shedi ya pa esiteti itapsa, mlonda n'kufera momwemo, anawatengera ku khoti lalikulu ku Umtali. Mboni inali imodzi, mnyamata wa pakomboni pomwepo dzina lake Laison. Jaji anagamula dzuwa lisanapendeke. Anakawanyonga ku Salisbury, ndipo mtembo boma silinabweze. Mayi Elena anatsala ndi mimba, ndi phata la nthochi limene amuna awo anabzala kumunsi kwa nyumba, m'mbali mwa kamtsinje. Nthochi sizifa msanga. Ukadula mayi, mwana amaphuka pomwepo, ndipo patatha zaka makumi asanu phata lija linali likuberekabe.

M'chaka cha 2008, mashopu atauma, basi ya ku Mutare ikubwera mwa apo ndi apo, nthochizo ndizo zinali chakudya cha m'mawa ndi madzulo. Ndi chaka chomwecho mayi Elena anagona pamphasa. Kukiliniki sanapeze matenda. Iwo ankangoyang'ana kudenga n'kumafunsa, mawu ali pansi, "Ndikapita mukandiika pafupi ndi ndani?"

M'mawa wina nkhungu isanachoke, Rosaria anapeza mkoko wa nthochi pakhomo, utagonekedwa bwino pamasamba kuti usadetsedwe. Anatsikira kumunda. Nthochi imodzi inali itadulidwa patsinde, madzi akudontha pachitsa, koma thunthu lake panalibe. Udzu unali utagona, ngati pakokedwa chinthu cholemera kulowera kuphiri.

Tabeth, mnansi wake wa kwa Apositoli, atamva anagwira pakamwa.

"Maiwe! Wakuba wa chaka chino asiye nthochi atenge thunthu? Mai Ruva, si munthu ameneyo. Anthu akuti kumanda kukumveka khasu."

"Mwina n'zodyetsa ng'ombe."

"Ng'ombe za ndani? Zinatsala ndi zingati muno?"

Patapita masiku awiri zinachitikanso. Ulendo uno Rosaria anali maso. Anamva chikwanje chikulowa m'thunthu, osati mwamphamvu ngati pa mtengo, koma mofewa, chwe, chwe, ngati munthu akudula nyama. Kenaka kunakhala zii, kamtsinje kokha kakulira. Kenaka kukhwekhwereza, pang'ono n'kuima, pang'ono n'kuima, ndi kupuma kwa befu kumene kunkamveka ngakhale chitseko chili chotseka. Anakhalabe pamphasa, akumvetsera.

Mumdimamo amayi ake analankhula, mawu oyera ngati a munthu wosadwala.

"Wafupikitsa."

"Mwati chiyani, amayi?"

M'mawa mkoko wachiwiri unali pakhomo, pambali pake pali mapeyala atatu.

Mapeyalawo ndiwo anamusowetsa mtendere. Kuyambira ali mwana, pakhomo pawo pankapezeka tinthu topanda mwini: mtolo wa nkhuni nthawi ya mvula, mpini watsopano khasu likaguluka. Amayi ake ankalowetsa m'nyumba osafunsa, osathokoza. Ndipo akakumana ndi a Laison panjira, ankatembenukira kutchire mpaka adutse.

Mphekesera zinakula. Ena ankati ndi mzimu wa mlonda uja, ena ankati Rosaria wapeza mankhwala oitanira chakudya. Tabeth anabwera ndi botolo la madzi opemphereredwa n'kuwaza pakhomo. Koma paphata panatsala thunthu limodzi lokha lalikulu, lalitali kuposa onse.

Usiku wachitatu Rosaria anakhala kukhonde atafunda bulangete. Nkhungu inatsika kuchokera kuminda ya tiyi mpaka nyumba ya Tabeth inasowa. Chikwanje chinalira kasanu, thunthu linagwa ndi mdidi. Anadikira kukhwekhwereza kuyambe, n'kutsatira, mapazi ali pa udzu wonyowa. Kutsogolo kwake kunkayenda chinthu choyera, chachitali ngati munthu wogona chagada, ndipo patsogolo pa icho chinthu china chakuda, chowerama.

Pachitunda chakudacho chinagwa n'kuyamba kutsokomola.

"Sekuru Laison," ananong'ona Rosaria, atawazindikira agogowo.

Nkhalambayo sinadzidzimuke. Chingwe chinali chitawadula m'manja.

"Mwana wa Marcel. Bwerera, ukazizidwa."

"Mukupita nalo kuti?"

"Kwathu munthu akamira m'madzi, kapena akafera kutali osaoneka, timaika thunthu la nthochi. Amakhala ndi pogona, abale n'kukhala ndi polirira." Anapuma. "Loyamba linandipulumuka, linasweka m'chigwembe. Lachiwiri nditaliyeza linali lalifupi. Bambo ako anali wamtali, polowa m'khoti muja anachita kuwerama pakhomo."

Rosaria anakumbukira zimene amayi ake analankhula mumdima.

"Munawaonadi ndi moto?"

"Ndinaona nyali. Nyali yokha, mwanawe. Apolisi anandisunga masiku asanu ndi limodzi. Nditaima m'bokosi muja, azungu atavala zofiira ndi tsitsi la nkhosa, anandifunsa ngati wanyaliyo ali m'khotimo. Ndinaloza. Iye anandiyang'ana, kenaka anayang'ana pansi, ngati wochita manyazi ndi iye." Anapukuta pamphuno. "Tsiku lina ndikudutsa kuseri ndinamva amayi ako akufunsa kuti adzagona pafupi ndi ndani. Dzenje ndinakumba kale."

Rosaria anali ndi mawu amene anawasunga zaka zambiri, oti adzauze munthu ameneyu. Koma anaona manja otuluka magazi aja. Anawerama n'kugwira kumiyendo kwa thunthulo.

Mikoko wanyamulapo yambiri, mathunthu wagubuduzapo, koma ili linali lolemera mwa mtundu wina, ndipo pamene panakhudza mkono wake sipanali pozizira monga imakhalira nthochi. Anayenda nalo mpaka kumanda. Kumapeto kwa manda, pansi pa mtengo wa mkuyu, panali dzenje lowongoka bwino, ndipo kumanzere kwake malo olambulidwa, osakumba.

Analitsitsa ndi chingwe. A Laison anavula jekete lawo la kutchalitchi n'kulifunditsa kumtunda. Kenaka anagwada m'mphepete.

"Achimwene, ndine Laison. Sindinakuoneni. Ndinanama pamaso pa jaji." Analoza Rosaria ndi dzanja. "Nayu mwana wanu, ndi wamkazi. Munapita musanadziwe."

Rosaria anatsegula pakamwa kuti apereke moni. Liwu limene sanaitanepo nalo munthu chibadwire linatuluka lokha, laling'ono ngati la kamwana.

"Ababa."

Mumkuyu munagwa madontho, ngakhale kunalibe mphepo.

"Tisakwirire," anatero a Laison. "Kuche kaye. Dothi loyamba ndi la mkazi wake, ngati angalole kunyamulidwa. Ine ndikhala pano ndilondere."

Kunja kutayamba kuyera Rosaria anafika kunyumba, akuganiza poyambira. Anatsegula chitseko mwakachetechete. Amayi ake, amene mwezi wonse sankatha kudzuka okha, anali atakhala tsonga, duku atamanga, bulangete lawo atalipinda pamiyendo.

"Jekete lija ndi lalifupi," anatero, akumupatsa bulangetelo. "Thamanga ukawafunditse kumapazi. Bambo ako amazizidwa kumapazi."