Mzere Wobiriwira Pathanthwe

Akuba atathyola khola la Fagness ku Golomoti n'kutenga ng'ombe zake ziwiri zolimira, mayi wamasiyeyo sanakhale pansi kumalira. Mvula inali pafupi. Anatengana ndi mchimwene wake Wyson komanso a Amosi, bambo wachikulire amene kale ankagwira ntchito ndi okumba mijigo, n'kuyamba kulondola mapazi a ng'ombezo kukwera mapiri a kumadzulo.

Unali mwezi wa Okutobala. Tsiku lachiwiri Wyson anaterereka pamtsetse, chigubu cha madzi n'kuphulika. Mtsinje uliwonse umene anafika unali mchenga wokhawokha. Masana a tsiku lachitatu Wyson anangoti khu! pansi, milomo itang'ambika, thukuta litasiya kutuluka.

"Achimwene, dzukani!" Fagness anamugwedeza, koma Wyson ankangobwebweta.

Pomwepo panali ndowe zaziwisi, mapazi atakhotera kumpoto. Ng'ombe zinali pafupi. Koma a Amosi anali atagwada pathanthwe lakuda, akusisita ndi chala mzere wobiriwira umene unatsetsereka kulowera kuchigwa cha kummwera.

"A Amosi, munthu akufa apa, inu mukusisita miyala?"

"Taonani mayi. Mwala uwu sunabadwe wobiriwira. Kalekale thanthweli linang'ambika, madzi otentha ochokera pansi penipeni n'kumadutsa mumng'alumo, mpaka anauphika mwalawu n'kuusandutsa chonchi. Mng'aluwo ukadalipo. Madzi a mvula amalowa momwemo, n'kukatulukira kumunsi."

"Mukutsimikiza?"

"Ayi. Tinkaboola malo otere khumi, anayi n'kutuluka fumbi lokha."

"Nanga ng'ombe?"

"Tikatsika, mawa zikhala zili m'lole."

Fagness anayang'ana ndowe zija. Kenaka anamanga chitenje m'chiuno.

"Mugwireni miyendo."

Anatsika naye mokwawa, minga ikuwang'amba. Kawiri konse mzerewo unasowa pansi pa dothi, a Amosi n'kuupezanso kutsogolo. M'chigwa anyani anawakuwa, chimphongo chawo chikuonetsa mano, mpaka Fagness anachigenda. Pamene mzere unathera mumchenga, anayamba kukumba, a Amosi ndi chikwanje, iye ndi manja.

Dzenje linafika m'chigongono, fumbi. Linafika m'phewa, fumbi. Zala za Fagness zinali magazi okhaokha.

"Mayi, mwina ndakunamizani," anatero a Amosi, mawu atasasa.

"Kumbani! Zopepesa mukanene kumudzi."

Fagness anagona chafufumimba, n'kupisa dzanja pansi pa mwala. Mchenga unamuzizira. Anatapa wina, n'kuufinya, unagwirana. Patapita kanthawi timadzi tamatope tinayamba kusonkhana. Ananyika nsonga ya chitenje, n'kumadontheza m'kamwa mwa Wyson, dontho limodzilimodzi, mpaka kholingo lake linagwedezeka.

"Chemwali," ananong'ona Wyson dzuwa likupendeka, "tiyi ameneyu mulibe shuga."

Fagness anaseka, kenaka analira.

Tsiku lachisanu anatulukira pamsewu, wakabaza n'kuthamangira ndi Wyson kuchipatala cha ku Mua. Katerina, mkazi wa Wyson, anawapeza komweko, mpango uli m'manja. Anayang'ana mwamuna wake ali pa diripi, anayang'ana zala za Fagness zokulungidwa nsanza.

"Alamu, nanga ng'ombe?"

"Zapita," anayankha Fagness. "Mwamuna wanu ndi uyu. Zala zikapola mundibwereke khasu."