Nelia Afunafuna Madera Ena

Nelia ankakhala ku Mpingu. Anali mwana wamanyazi. Sankayankhula kwambiri. Ankakonda kungoyang'ana.

Ankayang'ana nkhuku. Ankayang'ana mitambo. Koma makamaka ankayang'ana phiri la Dzalanyama. Phirilo linkaoneka patali. Nelia ankafuna kulikwera.

Tchuthi cha Khirisimasi chinafika. Mchimwene wake Hopeson anabwera kuchokera ku sekondale yogonera komweko.

"Achimwene," Nelia ananong'ona, "paja munalonjeza."

"Ndinalonjeza chiyani?"

"Phiri."

Hopeson anaseka. "Tipita. Tikagona kwa azakhali a Tabita. Iwo amakhala m'munsi mwa phiri. Koma tipite tchuthi chisanathe."

Amayi anamva. Anapukusa mutu.

"Kuphiri sapita kuli mabingu," anatero. "Kumakhala mphenzi. Muyambe mwamva wailesi."

Nelia analongedza chikwama. Anaikamo juzi. Anaikamo mango. Amayi anakazinga mtedza wa paulendo.

Madzulo onse anakhala pakhonde. Wailesi inanena zanyengo.

"Mawa kugwa mvula yamabingu m'madera ena."

"Mwamva eti?" anatero amayi. "Mawa simupita."

Nelia anamasula chikwama. Hopeson anadya mtedza.

Kunacha. Dzuwa linawala. Linawala m'mawa. Linawala masana. Mvula sinagwe ngakhale dontho. Nelia anayang'ana kumwamba. Anayang'ana wailesi. Sanamvetse.

Madzulo wailesi inanenanso zanyengo.

"Mawa kukhala dzuwa m'madera ambiri."

Nelia analongedzanso chikwama. Amayi anakazinganso mtedza.

M'mawa onse anapita kukapalira chimanga. Masana Hopeson anatulutsa njinga. Nelia anakhala kumbuyo. Anangofika pamsewu, mphepo inawomba. Mabingu anagunda. Mvula inagwa yambiri.

Anabwerera ali chinyowere. Nelia anamasula chikwama. Hopeson anadya mtedza.

"Wailesi inati dzuwa," anatero Nelia.

"Inatero," anayankha Hopeson.

"Nanga mvulayi yachokera kuti?"

Hopeson anangotafuna mtedza.

Masiku anapita. Wailesi inkati mvula, kunkawala dzuwa. Inkati dzuwa, kunkagwa mvula. Ndipo nthawi zambiri inkati, "M'madera ena. M'madera ena."

Nelia anayamba kuganiza. Ku Madera Ena kumagwa mvula tsiku lililonse. Kodi Madera Ena ndi kuti? Ngati ndi kutali ndi phiri, bwenzi atapita kale.

Anatenga mapu a Hopeson. Anapeza Namitete. Anapeza Nsaru. Anapeza Kabudula. Madera Ena sanawapeze.

Anapita kwa mnzake Jailos. Jailos ankati amadziwa zonse.

"Jailos, kodi Madera Ena ndi kuti?"

"Sudziwa?" anatero Jailos. "Ndi kupitirira Namitete. Amalume anga anapitako. Anthu akumeneko amagona ndi maambulera."

"Ndi nkhuku zomwe?"

"Nkhuku zawo zimasambira."

Nelia sanakhulupirire. Koma sanatsutse.

Anapita pamsewu. Pansi pa mtengo panali abambo awiri a kabaza, onyamula anthu panjinga. Nelia anagwada pang'ono. Mawu anatuluka pang'onopang'ono.

"Zikomo. Kodi ku Madera Ena mumapitako?"

Abambo aja anayang'anana.

"Kumeneko ndi kutali, mwanawe," anatero mmodzi. Analoza cha ku Nsaru.

"Inu, musamusocheretse mwanayu," anatero wina. "Ndi uku." Analoza cha ku Chitedze.

Onse awiri anaseka. Nelia anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Mutu unamuzungulira. Anabwerera kunyumba.

Kunyumba amayi anali kusita. Ankasita yunifolomu ya Hopeson. Sutikesi yake inali yotsegula. Nelia anaima pakhomo. Anadziwa. Tchuthi chinali pafupi kutha.

Anakhala pansi. Misozi inatsika yokha.

"Iwe Nelia, chavuta n'chiyani?" anafunsa Hopeson.

"Madera Ena sindikuwapeza, achimwene."

"Sukupeza chiyani?"

"Madera Ena. Kumene kumagwa mvula kuja. Pamapu palibe."

Amayi anaika simbi pansi. Anaseka mpaka anagwira m'mimba. Hopeson anayesa kudzigwira. Analephera. Nelia anabisa nkhope m'manja.

Hopeson anakhala pafupi naye.

"Pepa," anatero. "Madera ena si dzina la malo. Ndiye kuti pena pagwa mvula, pena ayi."

"Ndiye ifeyo tili m'madera ena?"

"Nthawi zina."

"Lero?"

"Lero ayi."

"Nanga mawa?"

"Kaya."

"A wailesi akudziwa?"

"Amadziwa pang'ono. Thambo ndi lalikulu."

Nelia anakanda m'mutu. Sanamvetsebe. Malo amene tilimo lero, mawa sitilimo? Anayang'ana phiri.

Kenako ananena chapansipansi.

"Phiri limavala chipewa masana."

"Wati chiyani?" anafunsa amayi.

"Ndimaliyang'ana tsiku lililonse. M'mawa limakhala loyera. Masana limavala chipewa chakuda. Likavala, mabingu amagunda."

Amayi anatuluka pakhonde. Anali masana. Pamwamba pa phiri panali mtambo wakuda.

"Ndi lero lomwe m'mawa linali loyera?"

"Linali loyera, amayi. Ndi dzulo lomwe."

Amayi anaganiza nthawi yaitali. Nelia anadikira.

"Chabwino," anatero amayi. "Mawa mulawire. Mukagone kwa azakhali anu. Mukakwere nawo limodzi m'mamawa. Mukatsike dzuwa lisanafike pamutu. Mukamva bingu, bwererani. Mwamva eti?"

"Tamva."

"Ndipo iwe Hopeson, mtedza uwu ndi womaliza. Ukhale m'manja mwa Nelia."

Nelia analongedzanso chikwama. Ulendo uno sanamasule.

M'mawa anakwera njinga. Anadutsa minda ya chimanga. Anadutsa minda ya fodya. Phiri linkakula. Linkakulabe. Anafika kwa azakhali a Tabita dzuwa lili pamutu.

Tsiku lotsatira anadzuka tambala akulira. Azakhali anatenga dengu loti azizulira bowa m'njira. Iwo anatsogola. Nelia anali pakati. Hopeson anali pambuyo.

Anakwera. Udzu unali wonyowa. Anakwera. Miyala inali yoterera. Anakwera. Miyendo ya Nelia inayamba kuwawa.

"Watopa?" anafunsa azakhali.

"Ayi."

"Nanga akupuma ngati ng'ombeyo ndani?"

"Ndi achimwene."

Pomaliza anafika pamwamba. Panali mwala waukulu. Nelia anaimirirapo. Mphepo inamuwomba kumaso. Dziko lonse linali pansi pake.

"Kwathu ndi uko," anatero Hopeson.

Nelia anayang'ana. Patali panali mtambo umodzi wakuda. Mvula inkatsika pansi pake ngati nsalu yoyanika. Pambali pake dzuwa linkawala. Patsogolo panali mtambo wina. Pambali pake panali dzuwa.

Apa mvula. Apa dzuwa. Apa mvula. Apa dzuwa.

Nelia anatsegula pakamwa.

"Achimwene, ndawaona," anatero. "Madera ena. Awo. Ndi awo. Ndipo akuyenda."

"Akuyenda kupita kuti?" anafunsa azakhali.

Nelia anayang'anitsitsa. "Akubwera kuno."

"Basi tiyeni," anatero azakhali. "Bowa tazula wokwana."

Anatsika. Anatsika mofulumira. Mphepo inazizira. Nelia anaterereka. Hopeson anamubereka kumsana. Azakhali anasenza dengu pamutu. Kumbuyo kwawo bingu linagunda.

Anawoloka kamtsinje. Anadutsa m'munda. Anathamanga pabwalo. Anangolumphira pakhonde, mvula inayamba. Inagwa yambiri padenga.

Onse atatu anakhala pansi. Ankapuma wefuwefu.

"Mwanyowa?" anafunsa azakhali.

Nelia anadzigwira m'mutu. Anagwira juzi. Anayang'ana mapazi a Hopeson.

"Zidendene za achimwene zokha," anatero.

Azakhali anaseka. Hopeson anaseka. Nelia naye anaseka, mokweza ndithu. Kenako anatsamira phewa la mchimwene wake.

"Ndakwera phiri, achimwene."

"Wakwera," anatero Hopeson. "Koma kutsika ndatsika ndine."