Manesi ndi Ng'ombe Zomva Chibunu

Manesi ankakhala m'mapiri, kufupi ndi Bowe. Anali mwana wofatsa. Mawu ake anali aang'ono.

Manesi ankafuna kuyendetsa ngolo. Koma ng'ombe za atate ake sizinkamumvera.

Ng'ombezo zinali ziwiri, Bantomu ndi Jamani. Zinkamva Chibunu chokha.

Chibunu chimalankhulidwa kutali, ku Joni. Atate anagwirako ntchito pafamu. Atabwerako, anagula ng'ombe. Anaziphunzitsa m'Chibunu.

Tsiku lina atate anadzitema phazi ndi nkhwangwa. Phazi linatupa. Sankatha kuyenda. Chimanga chinali chidakali pamulu kumunda.

"Mawa anthu amasula ziweto," anatero amayi. "Mbuzi zitithera chimanga."

"Ndiyendetsa ngolo ndine," anatero Manesi.

Amayi anaseka. "Iwe? Ndi timawu takoto? Ngakhale nkhuku sizikuthawa!"

Atate sanaseke. "Khala apa, mwanawe. Ndikuphunzitse."

Manesi anakhala pamphasa.

"Ek ndiye kuti ine," anatero atate. "Jy ndiye iwe. Ons ndiye ife."

"Ek, jy, ons," anatero Manesi.

"Uziyamba ndi munthu. Kenaka unene chimene akuchita. Ek loop. Ine ndikuyenda."

"Ek loop. Nanga jy loop? Iwe ukuyenda?"

"Eya, wakhoza! Koma polamula umangoti loop! Yenda! Staan! Ima!"

Atate anakuwa kwambiri. Manesi anadzidzimuka.

"Atate, kodi Chibunu n'chokalipira basi?"

Atate anayang'ana kutali.

"Bwana wathu ankakalipa," anatero. "Koma ndinali ndi mnzanga, Danieli. Chibunu chinali chilankhulo cha kwawo. Ankandigawira buledi. Poweruka ankandigwira paphewa. Ankati, ons gaan huis toe."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Ife tikupita kwathu. Iye kwawo kunali pafupi. Ine kwathu kunali kutali."

Amayi anamanga ng'ombe pagoli. Anazikoka ndi chingwe mpaka kumunda. Ngolo inali yopanda kanthu. Ng'ombe sizinavute.

Amayi anapakira chimanga. Manesi anapakira chimanga. Ngolo inadzaza.

Pobwerera anafika pachitunda. Bantomu anaima. Jamani anaima.

"Loop!" anatero Manesi.

Bantomu anangogwedeza khutu.

"Loop! Loop!"

Jamani anayamba kudya udzu.

Amayi anakoka chingwe. Ng'ombe zinangoti njo! Dzuwa linali litapendeka.

"Ndithyole mkwapulo?" anafunsa amayi.

"Ayi, Amayi. Tadikirani."

Manesi anaganiza. Anakumbukira atate pachitunda chomwechi. Atate sankakuwa apa. Ankatsika m'ngolo. Ankagwira Bantomu pakhosi. Milomo yawo inkagwedera. Manesi ankaona, koma sankamva.

Manesi anayandikira Bantomu. Anamugwira pakhosi. Khosi linali lofunda.

"Ons gaan huis toe," ananong'ona.

Bantomu anaimika makutu.

Manesi anagwiranso Jamani. "Ons gaan huis toe."

Jamani anasiya udzu. Goli linalira. Mateyala anayamba kugudubuka. Gudu! Gudu! Gudu!

"Mayo ine!" anatero amayi. "Wazipatsa chiyani, mwana iwe?"

Ngolo inakwera chitunda. Ngolo inatsika chitunda. Ngolo inafika pakhomo.

"Staan," anatero Manesi. Ng'ombe zinaima.

Atate anali pakhonde, atatsamira ndodo.

"Ndimatchera khutu," anatero. "Sindinamve kukuwa."

"Ndinakuwa, Atate, koma zinakana. Ndiye ndinaziuza mawu a anzanu aja."

Atate anayang'ana chimanga. Anayang'ana Manesi. Anapukuta m'maso ndi dzanja.

"Atate, nanga tikafika timati chiyani?"

"Ons is tuis. Ife tili kwathu." Atate anamwetulira. "Danieli anandiphunzitsanso amenewa. Koma kumene kuja sindinawanenepo."

"Anenenitu tsopano," anatero Manesi.

Atate anagwira Manesi paphewa.

"Ons is tuis," anatero pang'onopang'ono.

"Ons, ons, ife tomwe!" anatero amayi. "Chimangachi sichimva Chibunu. Bweretsa dengu, Manesi."

Atate anaseka. Manesi anaseka. Kenaka anathamanga kukatenga dengu.