Pepala Lokulungira Sopo

Dulce akamva mota, njinga yamoto, ankathamanga. Ankasiya mbale. Ankasiya tsache. Ankathamangira kumsewu.

Mota inkadutsa. Fumbi linkatsala. Dulce ankabwerera pang'onopang'ono.

Dulce ankakhala ku Mualadzi ndi amayi ake, a Lidiya. Bambo ake, a Nikodemo, ankagwira ntchito ku Zambia. Anapita chimanga chili m'maondo. Chimangacho chinakololedwa. China chinamera, nachonso chinauma. Bambo sanabwere. Foni ya amayi inafa kalekale.

Dulce ankawafuna bambo. Ankafuna mawu awo. Ankafuna ng'oma yawo. Ku tchalitchi cha Ziyoni, bambo ndiwo ankaimba ng'oma. Tsopano ankaimba ena. Koma sinkamveka chimodzimodzi.

Tsiku lina mota inaima. Woyendetsa anapereka kaphukusi. Anati kachokera kwa a Nikodemo. Iye sankawadziwa. Anangopatsidwa ndi mnzake kumalire.

M'kaphukusi munali sopo. Sopo yekha, wokulungidwa m'pepala. Kalata munalibe. Bambo sankadziwa kulemba.

Amayi anasunga sopo. Pepala analiponya pa nkhuni. Anati akolezera moto.

Dulce analitola. Linkanunkhira sopo. Panali zilembo zazikulu. Ku shikola, Dulce ankaphunzira Chipwitikizi. Izi sizinali Chipwitikizi. Sizinalinso Chinyanja.

Dulce anapita kwa azakhali ake, a Generosa. Iwo anakulira ku Zambia nthawi ya nkhondo. Ankadziwa Chingerezi. Dulce anawapeza akutonola chimanga.

Azakhali anapukuta manja. Anagwira pepala patali. Anawerenga mokweza: "Come and worship with us."

Dulce anayesa kutchula. "Wo-shi-pu."

Azakhali anaseka. Anati lilime la Dulce lalemera ngati khasu.

"Worship ndi kupembedza," anatero. "Akuti bwerani tidzapembedze limodzi."

Dulce anafunsa ngati ndi kupemphera basi. Azakhali anakana. Ukagwada, wapembedza. Ukaimba, wapembedza. Ukavula nsapato n'kuvina mozungulira ng'oma, wapembedza. Anati mawuwa ndi aakulu. Sanenera mbuzi. Sanenera sopo. Amanenera Mulungu.

Pepalalo linkanena za msonkhano. A Ziyoni a ku Zambia ndi a kuno adzakumana kumalire, ku Cassacatiza. Adzakumana Lamlungu likudzali.

"Dzina la bambo lilipo?" Dulce anafunsa.

"Palibe."

"Nanga langa?"

"Palibe, mwanawe."

Dulce anakawauza amayi. Anawapempha kuti apite. Amayi anakana. Anati Cassacatiza ndi kutali. Chimanga chidakali m'munda. Mbuzi zilibe woziyang'ana.

"Pepala ndi pepala," amayi anatero. "Anthu amakulungira chilichonse. Tikapeza bambo ako kulibe, udzalira njira yonse."

Dulce anachoka. Anakakhala kuseri kwa nkhokwe. Anayala pepala pa bondo. Analiwongola. Analiwongolanso.

Kenako anaona banga lakuda. Linali pafupi ndi tsiku la msonkhano. Dulce anaganiza kuti ndi litsiro. Anapukuta. Silinachoke.

Anayang'anitsitsa. Bangalo linali ndi timizere tozungulira. Pakati panadutsa mzere umodzi wowongoka.

Dulce anathamangira kwa amayi. Anawaonetsa.

Amayi anayang'ana. Anayang'ana nthawi yaitali. Anati ichi ndi chala chachikulu cha bambo. Chikwanje chinawatema ali mnyamata. Chipsera chake ndi mzere umenewo. Akafuna kunena kuti ndine, bambo salemba. Amapaka inki n'kudinda chala.

Azakhali anafika ndi lichero pamutu. Anasuzumira pepala. Nawonso anachidziwa chalacho.

"Mlamu," anatero, "mlongo wanga wakuitanani, inu mumati mukolezere moto?"

"Akanatuma mawu," amayi anayankha.

"Watuma chala. Mukufuna atume mwendo?"

Amayi anafuna kukwiya. Koma anaseka. Anapinda pepala bwinobwino. Analiika m'thumba la diresi.

Azakhali anati mbuzi aziyang'ana okha. Chimanga chouma sichithawa. Chidikira masiku awiri.

Amayi anamuyang'ana Dulce. "Tinyamuka Loweruka," anatero. "Katenge chikwama."

Dulce anatenga chikwama. Anaikamo mkanjo wake woyera. Anaikamo mkanjo wa amayi. Anaikamo malamba awiri obiriwira. Pamwamba anaika mtedza wa bambo. Anatseka.

Tsikulo linali Lachitatu. Loweruka linali kutali. Dulce anakokera chikwama pakhomo. Anakhalapo.

"Dzuka, uphwanya mtedza," amayi anatero.

Dulce anasuntha pang'ono. Koma sanadzuke.