Kapu Yaitali ndi Kapu Yaifupi

Kunyumba amamutchula Kachiwala. Amakonda kudumphadumpha. Amapita kusukulu ya mkaka. Amawakonda kwambiri aphunzitsi ake.

Tsiku lina aphunzitsi anagawa mkaka. Mnzake wa Kachiwala analandira kapu yaitali. Kachiwala analandira kapu yaifupi.

Mkaka wa mnzake unafika m'mwamba. Mkaka wa Kachiwala unali m'munsi.

"Wanga wachepa," anatero Kachiwala.

"Ndi wofanana, mwanawe," anatero aphunzitsi.

Kachiwala anayang'ananso. Ayi ndithu, wake unachepa! Misozi inalengeza m'maso.

Madzulo Kachiwala sanadumphe. Anangokhala duu pakhonde.

"Watani, mwana wanga?" anafunsa bambo ake.

"Mawa sindipita kusukulu. Aphunzitsi sandikonda. Andipatsa mkaka wochepa."

M'mawa bambo anamunyengerera. Anamugwira dzanja mpaka kusukulu. Anawauza aphunzitsi zonse.

Aphunzitsi sanaseke. Sanakalipe. Anaika choko pansi.

"Ana inu, lero tiphunzirira panja," anatero.

Panja anaika beseni la madzi. Anaika makapu aatali. Anaika makapu aafupi.

"Kachiwala, bwera. Thira wekha."

Kachiwala anatunga madzi ndi kapu yaifupi. Anathira m'kapu yaitali. Madzi anakwera, anakwera!

"Achuluka!" anafuula Kachiwala.

"Wawonjezera ena kodi?" anafunsa aphunzitsi.

"Ayi."

"Tabweza tione."

Kachiwala anabweza madzi m'kapu yaifupi. Madzi anatsika, anatsika.

"Achepa!"

"Wamwako kodi?"

"Ayi! Sindinamwe!"

Kachiwala anakanda mutu. Anathira. Anabweza. Anathiranso. Anabwezanso. Mnzake naye anathira.

Kenaka Kachiwala anatong'ola maso.

"Aphunzitsi! Madziwa ndi omwe aja! Kapu iyi ndi yonenepa. Iyi ndi yoonda!"

"Nanga mkaka wadzulo uja?"

Kachiwala anayang'ana pansi. Anamwetulira mwamanyazi. Kenaka anawakumbatira aphunzitsi m'miyendo. Siketi ya aphunzitsi inanyowa. Ana onse anaseka.

Masana bambo anabwera kudzamutenga.

"Kalanga ine! Deresi lonse lanyowa! Mumachapa kodi?"

"Timaphunzira, ababa!"

"Nanga mawa ubwera?"

"Ndibwera m'mamawa. Mudzandidzutse."

Bambo anamunyamula paphewa. Madzi anadontha pakhosi pawo. Dontho! Dontho!

"Ukundiziziritsa, iwe!" anatero bambo.

Kachiwala anaseka. Anawagwira makutu onse awiri. Anapita kwawo akuimba.