Dzina Limene Edmundo Anadula

Nyumba ya a Pascoal ku Milange inali ya mapemphero ndi phokoso, ndipo ziwirizi sizinkakangana. M'mawa mayi Belmira ankatsogolera pemphero, masana makoma ankanjenjemera ndi magitala amagetsi. Anansi anadandaula mpaka kutopa, kenaka anangoyamba kuvina.

Phokosoli linali ndi mbiri yake. A Pascoal anakulira ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi, ndipo ndi komweko kumene anamva nyimbo za roko pa wailesi, gitala akulira ngati mwana wolumidwa ndi mavu. Mtendere utabwera anabwerera kwawo ndi gitala wakale ndi wailesi ya kaseti. Anapeza batire la galimoto, nayamba kujambula magulu a anyamata m'chipinda cha kuseri. Kampani yawo anaitcha Mawu a Tumbine, potengera phiri loyang'ana tauniyo. Inayamba ndi makaseti, inadzera pa masidi, mpaka nyimbo zake zinafika poyenda pa timakhadi ta m'foni.

Zipangizo zinkasintha, koma lamulo limodzi ayi. Gitala asanalire, woimba aliyense ankatchula dzina lake, la mayi ake ndi mudzi wakwawo. Nkhondo inali itamwaza anthu, ndipo kaseti inkafika kumene munthu sakanafika. Mabanja angapo anapezana chifukwa cha mawu ochepawo.

Mwana wawo mmodzi yekha, Edmundo, anakulira pakati pa mawaya amenewa. Zala anali nazo, gitala ankamumvera. Koma kupeka nyimbo kunamukana, ndipo zimenezi zinkamudya mumtima.

Tsiku lina kunabwera a Leonardo, mlimi wa ku Majaua, pa njinga yolira unyolo. Anali munthu wamkulu ndithu, wofatsa, koma akaimba mawu awo ankang'amba denga. Anaima kutsogolo kwa maikolofoni nati, "Ndine Leonardo, mwana wa malemu Nércia, kwathu ndi ku Majaua." Magitala anabangula, iwo naimba:

Ana anga awiri, gwiranani manja,
Ruo wadzaza, musatayane.

Atamaliza anapukuta m'maso ndi chipewa. "Mawu amenewa ankatiimbira mayi tikuthawa nkhondo," anatero. "Iwo anamwalira ku kampu. Mlongo wanga Zaida anatengedwa ndi banja lina la ku Malawi, ine ndinabwerera kuno. Ngati ali moyo, akangomva nyimboyi adzaidziwa."

Edmundo ndiye ankasakaniza mawu pa kompyuta. Madzulo a tsiku lomwelo anapita nayo nyimboyo ku malire, kwa Orlando, mnyamata wolowetsa nyimbo m'mafoni, amenenso ankamugulira mowa pa baraka. Orlando atamvetsera anaomba m'manja.

"Epa, m'bale wanga! Iyi ndi moto. Koma ndani angagule nyimbo ya mdala wa makasu? Dula dzinalo, uimbe wekha. Zala n'zako, nkhope n'yako."

"Ababa sangalole."

"Ababa, ababa! Ndevu zonsezi ukadali kuyamwa? Udzakalamba ukukulunga mawaya a anzako."

Mawuwa anamulowa limodzi ndi mowa. Mawa lake makolo ali ku tchalitchi, Edmundo anadula dzina la a Leonardo, anafufuta mawu awo, naikapo ake. Inali ntchito yochepa, yosatulutsa n'thukuta lomwe.

Nyimboyo inayaka ngati moto wolusa. Inkalira m'mashapa, maminibasi opita ku Mongue, m'mabaraka, ngakhale kutsidya kwa mtsinje wa Ruo. A Pascoal anaimva pa foni ya wonyamula katundu, nalunjika kunyumba.

"Edmundo, dzina la mwini nyimboyi lili kuti?"

"Ababa, zotchula maina n'zachikale. Anthu amafuna kuvina, osati kumva kalembera."

"Wakuba nkhuku amabweza nkhuku. Iwe waba njira imene munthu amafunira mbale wake. Udzabweza chiyani?"

Mayi Belmira anamugwira mkono. "Mwana wanga, wakutsina khutu ndi mnansi. Orlando sakukonda iwe, akukonda khosi lako. Pita kwa a Leonardo ukagwade."

Edmundo anasansa mkonowo, natenga gitala wake, n'kukachita lendi kachipinda pafupi ndi malire.

A Pascoal anali ndi chizolowezi chojambulanso nyimbo iliyonse pa kaseti, poti makompyuta sankawakhulupirira. Anapalasa njinga mpaka ku Majaua, kasetiyo ili m'thumba la malaya, nauza a Leonardo kuti aitulutsa kuti dziko lidziwe choona. A Leonardo anapukusa mutu.

"Mukatero mwana wanu adzatchedwa wakuba mpaka imfa. Ndadikira mlongo wanga zaka zonsezi, ndingalephere kudikira mnyamata kuti nzeru zimubwerere? Abweze yekha."

Komabe oimba anzawo ankadziwa mwini nyimboyo. Gulu lina linasiya kubwera, linzake linatsatira. Ndani akanaperekanso nyimbo yake ku nyumba imene maina amasowa? Chipinda cha kuseri chinakhala chete, ndipo anansi aja anayamba kulisowa phokoso limene ankadandaula nalo.

Edmundo ankadzuka dzuwa lili pamutu, kumwa, kuimba nyimbo yomweyo, kumwanso. Masana ena ali pa baraka kunafika mayi wina wovala chitenje chofumbutuka, dengu la nyemba lili pamutu. Analitula pansi, namuyang'ana nthawi yaitali.

"Pepani achimwene, akuti ndinu oimba nyimbo ya Ruo. Ine ndine Zaida, ndachokera kutsidyaku. Ndimaganiza kuti ndipeza munthu wamkulu. Mawu amenewa munawamva kwa ndani?"

Ku Majaua kunali kongokwera shapa, mayiyo akanafika dzuwa lisanalowe. Koma Orlando anali pomwepo, atsikana analinso pomwepo, onse makutu ali tcheru.

"Ndinapeka ndekha, mayi."

"Simukudziwa munthu wotchedwa Leonardo? Mayi athu ndiwo ankaimba choncho."

"Sindikumudziwa."

Mayiyo anangoti, "Zikomo, mwina ndimalota." Anasenza dengu lake, nalowera ku mlatho osacheuka. Edmundo sanafunse n'komwe mudzi umene ankakhala. Anaitanitsa botolo lina, koma mowawo sunamukomere.

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Anthu anatopa ndi nyimbo imodzi, nafuna yachiwiri. Edmundo anakanda gitala mpaka zala kutupa, koma chotuluka chinali phokoso lopanda mutu. Orlando anapeza mnyamata wina, ndipo akakumana ndi Edmundo ankayang'ana pa foni. Gitala uja anapita ndi mowa. M'kachipinda muja munatsala mphasa ndi iye yekha, ndipo tsiku linkatha popanda womutchula dzina. Ankafuna kubwerera kwawo, koma manyazi ankamumanga miyendo. Anali wosungulumwa kwambiri.

Mvula yoyamba itagwa, mayi Belmira anagogoda pa chitseko chake. Sanamukalipire. "Samba m'maso. A Leonardo atisiya. Chifuwa chawatenga."

Ku maliro Edmundo anakhala kumbuyo, pafupi ndi nkhokwe. Atachoka ku manda, mkazi wa malemuyo, mayi Inês, anamuitana. Ankayembekezera matemberero, koma mayiwo analankhula mofatsa.

"Amuna anga sanakusungire chakukhosi. Ankati ngakhale dzina linadulidwa, mawu a mayi awo akuyendabe. Tsiku lililonse ankandifunsa ngati kwabwera mlendo. Ngakhale dzana, mpweya ukuthera, anati ndikufunse. Kodi palibe amene anabwera kudzafunsa za nyimbo ija?"

Edmundo anatsegula pakamwa, bodza linali kale pa lilime. Koma anagwa chogwada m'matope.

"Anabwera, mayi. Anabwera, ine ndinamubweza."

Mayi Inês anaika manja kumutu, nalira maliro achiwiri, oposa oyamba aja. A Pascoal, amene anali ataima pambali, anatulutsa kaseti m'thumba la malaya, naiika m'manja mwa mwana wawo.

"Ndakhala ndikuyenda nayo kudikira tsiku lino," anatero. "Wafika, koma wafika mochedwa."

Mawu a Tumbine sanadzukenso. Chikwangwani chake a Pascoal anachizula, ndipo m'chipinda chija mayi Belmira amasungamo chimanga. Chomaliza kutuluka m'kampaniyo chinali nyimbo ya pa kaseti ija, dzina la mwini wake lili patsogolo.

Mukadutsa pa malire a Milange mudzamuona Edmundo. Mowa anasiya, ndipo Mulungu ndi wachifundo, anamukhululukira. Koma kukhululukidwa sikudzutsa wakufa. Amakhala pa benchi yekha ndi kasipika kakang'ono, kulowetsa nyimboyo mwaulere m'foni ya aliyense wowoloka. Akaona mayi wa dengu la nyemba amaimirira n'kufunsa, "Pepani mayi, simukudziwa wina wotchedwa Zaida?" Ambiri amamuyesa wamisala.

Achinyamata, musanyengedwe kuti kuba n'kuthyola nyumba kokha. Kutenga ntchito ya mnzako n'kuitcha yako n'kuba, ndipo kuba kumabala bodza loti likuteteze. Samva m'kunkhu anamva nkhwangwa ili m'mutu. Lapani tchimo likadali laling'ono, wolakwiridwayo akadali moyo, chifukwa pali zina zimene misozi singabweze.

Zaida sanabwerenso. Tsiku lonse kasipika kaja kamangobwereza, katayang'ana kutsidya: "Ndine Leonardo, mwana wa malemu Nércia, kwathu ndi ku Majaua."